Kukonza pulani ya thiramu: poyambira pake ndi pati, ndipo ife a ku chigwa zikutikhudza bwanji

Abale anga a kuno ku chigwa, nkhani iyi ndakhala nayo pamtima kuyambira tsiku lomwe tinanyamula mayi aang'ono m'bandakucha kuchokera ku Ngabu kupita nawo kuchipatala ku Blantyre. Tinadutsa pa Nchalo bwinobwino, pa Dyeratu, pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa, phiri lonse lija lokhotakhota tinakwera popanda chovuta, ndiye kungolowa m'tauni cha m'ma 7 koloko basi galimoto njii. Magalimoto thithithi, maminibasi kulowerera uku ndi uku, a njinga zamoto kupyola pakati, odwala ali kumbuyo akubuula ife tikungoyang'anana. Kamtunda koti munthu wathanzi akhoza kuyenda wapansi tinathera pafupifupi ola lathunthu. Mayi anachira, Mulungu ndi wabwino, koma ine kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kufufuza kuti kodi mizinda ina inatani ndi vuto la jamu, ndipo ndi mmene ndinadziwira za thiramu.

Kwa amene simunaionepo, thiramu ndi sitima yamagetsi yopepuka yomwe imayenda m'misewu ya m'tauni momwemo, njanji yake amaikwirira mu msewu moti pamwamba pake pamakhala mofanana ndi tala, magetsi imatenga pa waya wodutsa pamwamba. Zamakono zimatalika mamita 30 mpaka 45 ndipo imodzi imanyamula anthu 200 kapena 300 kuphatikiza oimirira. Si zachizungu zokha ayi. Ku Alexandria m'dziko la Egypt anayamba kuyendetsa thiramu m'zaka za m'ma 1860, nthawi imeneyo yokokedwa ndi akavalo. Ku Rabat inayamba mu 2011, ku Casablanca mu 2012, ndipo ku Addis Ababa anatsegula sitima yawo yopepuka mu 2015.

Ndiye wina afunsa kuti amwene, ife ku Nchalo kapena ku Bangula thiramu ya chani. Funso labwino, ndipo ndiyankha mosabisa m'munsimu. Koma tiyeni tiyambe ndi mmene ntchito yake imakhalira.

Choyamba, werengani anthu

Musayambe ndi kujambula njanji pa mapu. Yambani ndi kope ndi bolopeni. Pezani achinyamata asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, a Fomu 4 omwe angokhala pakhomo kudikira zotsatira amakwanira bwino, muwaimike awiriawiri pamalo pomwe anthu amapanikizana, wina aziwerenga opita kumtunda wina opita kumunsi. Aziwerenga kwa mphindi 15, kulemba, kujambula mzere, kuyambiranso. Kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 9, kenako 3 koloko masana mpaka mdima. Kuno tisaiwale kuti anthu amalawira kwambiri chifukwa cha dzuwa, ndiye mukayamba 7 koloko ngati ku Blantyre mupeza gulu lalikulu ladutsa kale.

Chofunika kwambiri apa: werengani anthu, osati magalimoto okha. Galimoto yaing'ono yokhala ndi bwana mmodzi ndi minibasi yodzadza zonse ndi galimoto imodzi imodzi, koma pa pulani yanu sizifanana. Lembani oyenda pansi, a kabaza ndi amene akwezedwa, a njinga zamoto, ma Sienta, maminibasi, mathiraki, ngakhale ngolo za ng'ombe. Ndipo musawerenge tsiku limodzi n'kumati tamaliza. Werengani tsiku wamba, tsiku la msika, tsiku lomwe ogwira ntchito ku esiteti ya nzimbe alandira, nyengo yodula nzimbe komanso nyengo ya mvula. Aliyense wodziwa Nchalo akuuzani kuti Nchalo wa pakati pa mwezi ndi Nchalo wa tsiku la malipiro ndi matauni awiri osiyana.

Kenako funsani. Imani pa siteji, mwaulemu, mufunse anthu kuti mwachokera kuti, mukupita kuti, mwalipira zingati, mwadikira nthawi yaitali bwanji, mumayenda ulendo umenewu kangati pa sabata. Musamangofunsa abambo ovala jekete. Funsani amayi onyamula madengu a nsomba za ku Dabanyi, ana asukulu, agogo opita kukalandira mankhwala, chifukwa amenewo ndi amene adzakwere tsiku ndi tsiku. A kabaza ndiye musawadumphe, palibe injiniya amene amadziwa komwe anthu amapita kuposa munthu yemwe amawapalasa.

Mukasonkhanitsa manambala, samu yake ndi yosavuta. Thiramu yonyamula anthu 250 ikamabwera pa mphindi zisanu zilizonse, ndiye kuti pa ola ikubwera ka 12, kutanthauza anthu 3,000 pa ola mbali imodzi yokha. Kuti maminibasi a anthu 15 anyamule gulu lomwelo pafunika maminibasi 200 pa ola limodzi. Mwaona pomwe pagona mphamvu ya thiramu eti. Koma samu yomweyo imakuuzaninso zoona zowawa: ngati pamalo panu pamadutsa anthu mazana ochepa okha pa ola, thiramu idzayenda yopanda anthu ndipo ngongole yake idzalipiridwa ndi zidzukulu zanu.

Ine maganizo anga ndi akuti kuno ku chigwa lero palibe tauni yomwe yafika pofunika thiramu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, koma anthu amenewa ali balalabalala m'midzi, si kuti aunjikana pa msewu umodzi. Mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000, ndipo ngati pali malo ku chigawo cha kummwera oyenera kuyamba kuwerenga mwakhama ndi msewu wa Chipembere kuchokera ku Limbe kudzera pa Maselema, pa Chichiri, pa Ginnery Corner kukafika m'tauni. Ndipo msewu umenewo ndi wathunso, chifukwa odwala athu, ana athu a ku koleji, thonje lathu ndi mbuzi zathu zonse zimakathera kumeneko.

Chachiwiri, dziwani chomwe chikubweretsa jamu

Apa sindichedwapo. Jamu siibwera chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto kokha. Khalani pa Nchalo ola limodzi muone: minibasi yaima pakati pa M1 oitanira akukokerana pasinjala mmodzi, thiraki yapaka m'mbali theka lili mu tala, mavenda ayala tomato pomwe woyenda pansi amayenera kudutsa ndiye woyenda pansi walowa mu msewu, wa kabaza akuzemba woyenda pansi, galimoto ikuzemba wa kabaza. Zimenezi mankhwala ake ndi siteji yeniyeni ya kunja kwa msewu, malo opakira mathiraki, mashedi a mavenda pamalo pomwe makasitomala amafikadi, ndi kanjira ka njinga kopatula. Chitani zotchipazi kaye, muwerengenso. Jamu yomwe yatsala mutachita zonsezi ndiyo yofunika njanji.

Chachitatu, jambulani mzere umodzi

Umodzi basi. Anthu akasangalala amafuna kujambula ukonde wonse, nthambi ya ku Ndirande, ya ku Bangwe, ya ku Chilomoni, ya ku Machinjiri, zonse tsiku limodzi. Jambulani zimenezo ndi pensulo kuti mudziwe komwe mudzalowere mtsogolo, koma ya bolopeni ikhale imodzi, yomwe manambala anu aja akuonetsa kuti ndi yolemera kwambiri. Mzere wabwino umalumikiza malo omwe anthu amapitako nthawi zosiyanasiyana, msika, chipatala, sukulu, depoti ya mabasi, mafakitale, kuti thiramu isamadzadze m'mawa mokha masana n'kumayenda mphepo. Ukhale wowongoka mmene ungathere. Mukayamba kuukhotetsa kuti udutse pakhomo pa wakutiwakuti wolemekezeka, ulendo umatalika ndipo anthu amabwerera ku minibasi.

Masiteji aziikidwa motalikirana mamita 400 mpaka 600 pakati pa tauni, kunja kwa tauni akhoza kutalikirana kuposa apo. Akayandikana kwambiri thiramu imangoima ima ngati minibasi ya pa Lamulungu, akatalikirana kwambiri agogo sangafike. Kwa malo otentha ngati kwathu kuno ndinganene kuti siteji iliyonse ikhale ndi denga lalikulu ndi mpopi wa madzi, ndipo mitengo ya nimu idzalidwe chaka chomwe mwajambula mzere, osati chaka chotsegulira.

Thiramu ili ndi malire ake awiri omwe muyenera kuwadziwa musanapite kwa mainjiniya. Siikhota mwadzidzidzi ngati galimoto, imafuna kona yotambasuka, ambiri amayesetsa kuti isachepere mamita 25 kuchokera pakati pa bwalo la konayo. Komanso siikonda chitunda, chifukwa chitsulo pa chitsulo chimaterera. Zambiri zimakwanitsa kukwera mamita 6 mpaka 8 pa mamita 100 alionse. Ndiye amene akulota thiramu yochoka pa Thabwa kukwera phiri kupita ku Blantyre, pepani, imeneyo si ntchito ya thiramu. N'chifukwa chake ngakhale njanji yakale ija, yomwe inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald komwe lero timati Nsanje, inazungulira kudzera ku Chiromo n'kutsata chigwa cha Ruo. Ku Blantyre zitunda ndiye mutu waukulu. Kuno pansi m'pathyathyathya, mbali imeneyo tili ndi mwayi.

Chachinayi, sungani malo, ndipo apa ndi pomwe ife a ku chigwa tikulowa

Ngati muiwale zonse zomwe ndalemba, ichi chokha musaiwale. Chomwe chimadula kwambiri ndi kuchedwetsa ntchito zotere nthawi zambiri ndi malo. Njanji ziwiri, yopita ndi yobwera, zimafuna mamita 7 kapena 8 m'lifupi, pa siteji onjezani ena atatu mbali iliyonse. Si malo ambiri ayi. Koma tauni ikamangidwa kale, mamita 8 amenewo ndi magolosale a anthu, ndi tchalitchi, ndi mzikiti, ndi chigayo cha mayi wamasiye, mwinanso manda. Kugwetsa zimenezo ndi chipukuta misozi cha mabiliyoni, milandu ku khoti zaka ndi zaka, ndi chidani chosatha.

Nchalo, Ngabu, Bangula, Dyeratu, onsewa akukula motsata msewu, mzere umodzi wautali ngati njoka. Ndi ntchito ya ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira ija, anthu adzachuluka, mabizinesi adzachuluka. Tauni yokula ngati mzere ndiyo yomwe thiramu kapena basi ya njira yakeyake imaikonda kwambiri, koma pokhapokha ngati mpata unasiyidwa. Lamulo lilipo kale, msewu waukulu ngati M1 uli ndi malo ake otetezedwa, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse, ndipo a Roads Authority ndi amene amayang'anira. Vuto ndi lakuti timayamba ndi kabenchi, kenako kahokala ka malata, kenako njerwa zowotcha, pakutha pa zaka zisanu pali nyumba ya simenti ndipo mwini wake akuti ndinagula kwa amfumu.

Ndiye chochita ndi ichi. Pitani ku khonsolo ya boma mukafunse ngati tauni yanu ili ndi pulani ya kamangidwe, ndipo ngati ilipo muione ndi maso anu, muone ngati muli mzere wa mayendedwe a anthu ambiri. Ngati mulibe, nkhaniyi ilowe ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ikwere ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A, khansala wanu aitengere ku msonkhano wa khonsolo. Mafumu akhale nawo kuyambira tsiku loyamba, kuyambira anyakwawa, magulupu mpaka a T/A, chifukwa malo ambiri kuno ndi a makolo ndipo mfumu ikamva nkhani ya malo ake kuchokera kwa mlendo wonyamula tepi, ntchito yafa pomwepo. Mukagwirizana, ikani zikhomo za simenti zooneka, dzalani mitengo m'malire, ndipo pakati pake musasiye tchire. Malo opanda ntchito amalowedwa. Pangani pomwepo njira ya njinga ndi oyenda pansi, anthu aiyende, aizolowere, ikhale yawo, ndiye adzailondera okha.

Chitsanzo chomwe chimandilimbitsa mtima ndi cha ku Mauritius. Kumeneko sitima zakale zinasiya kuyenda m'zaka za m'ma 1960, koma atafuna kumanga sitima yawo yopepuka ya Metro Express yochoka ku Port Louis kukafika ku Curepipe, mbali yaikulu anadutsitsa momwe munali njanji yakale. Ife tili ndi njanji yodutsa ku Marka, pa boma la Nsanje, ku Tengani mpaka ku Bangula, makilomita 72 omwe boma lakhala likukonzanso. Ku Karlsruhe m'dziko la Germany kuyambira 1992 anayamba kuyendetsa thiramu yomwe ikatuluka m'tauni imalowa pa njanji ya sitima zazikulu n'kumapitirira kumidzi. Sindikunena kuti tichite zomwezo mawa, koma malo a m'mbali mwa njanji ndi a masiteshoni akale tisawagawane ngati nyama ya pamaliro. Ndipo wojambula adziwe kuti njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe mathiramu ambiri atsopano amapangidwira ya mamilimita 1,435. Kusankha kumeneku kumachitika kamodzi, mukalakwitsa mwalakwitsiratu.

Madzi, makande ndi dzuwa

Mlendo wojambula ali mu ofesi yozizira sangadziwe zomwe ife tikudziwa. Tinaona madzi a Januwale 2015, tinaona Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Tinaona mu 1997 madzi akudula njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, a ku Makhanga n'kuyamba kudalira mabwato. Ndiye pulani iliyonse ya njanji kuno iyambe ndi funso lakuti madzi anafika pati. Yendani ndi akuluakulu a m'mudzi akulozereni pa mtengo, pa khoma la sukulu, apa ndi pomwe anafika chaka chakuti. Lembani, jambulani ndi foni, kenako fananizani ndi zomwe a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a zanyengo ali nazo. Milatho ndi makalavati zikhale zazikulu kuposa madzi oopsa kwambiri omwe munawaonapo, chifukwa mitsinje yathu ngati Mwanza imabwera ndi mchenga ndi mitengo, kalavati yaing'ono imatsekeka usiku umodzi njanji n'kusanduka damu, madzi n'kubwerera m'nyumba za anthu.

Depoti, komwe mathiramu amagona ndi kukonzedwa, ikhale pamalo okwera kuposa pena paliponse. Anzathu a ku Dar es Salaam anatsegula mabasi awo a njira yawoyawo mu 2016, aja amati mwendokasi, koma depoti anaiika ku Jangwani m'chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, ndipo mvula ikagwa yambiri madzi ankalowa n'kuononga mabasi. Ife amene timakhala ndi madzi chaka ndi chaka tisachite kuphunzira zimenezo ndi ndalama zathu.

Dothi nalo. Makande a ku Ngabu mukuwadziwa, dzinja amafufuma n'kumata ngati phala, chilimwe amang'aluka ming'alu yolowa phazi la mwana. Nyumba zimang'ambika chifukwa cha dothi limeneli, ndiye njanji yomwe imafuna kukhala yosasuntha ngakhale pang'ono ingatani. Mainjiniya ayenera kuboola pansi n'kuyeza dothi mtunda wonse, osati malo awiri okha, ndipo pomwe pali makande amachotsa n'kuthira dothi lina kapena kulilimbitsa ndi laimu. Zimadula, koma ziikidwe mu bajeti poyamba pomwe.

Dzuwa la Okutobala ndi Novembala, lija limapyola madigiri 40, nalonso lili ndi mbali yake. Chitsulo chimatalika chikatentha. Njanji ya kilomita imodzi, kutentha kwake kukakwera ndi madigiri 30, imafuna kutalika ndi masentimita pafupifupi 35, ndipo ikasowa kopita imapindika. Waya wa pamwamba nawo umalendewera. Pali njira zake zomangira, ingoonetsetsani kuti amene akupanga dizaini apatsidwa manambala a kutentha kwa kuno osati a ku Chichiri. Ndipo thiramu yopanda mpweya wozizira, yamagalasi osatsegula, kuno ingakhale uvuni.

Magetsi

Mathiramu ambiri amakono amayendera mavoti 750, ndipo pamafunika tinyumba ta mathiransifoma m'mbali mwa njira pa kilomita imodzi kapena awiri alionse. Magetsi akathima thiramu imaima pomwe ili, ndipo ikaima pa mphambano yatseka tauni yonse. Tonse tikukumbuka Ana ataononga damu la Kapichira kwathu konkuno, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kunatenga kupitirira chaka. Ndiye kambiranani ndi a ESCOM ndi a EGENCO musanagule ngakhale bawuti imodzi: laini yakeyake, yodyetsedwa kuchokera mbali ziwiri kuti ina ikagwa ina igwire, kuphatikizapo sola ndi mabatire ngati zomwe anachita ku Golomoti. Dzuwa ndiye tili nalo lotaya. Muganizirenso za akuba waya wa kopa ndi mafuta a thiransifoma, ulonda ulowe mu bajeti ya chaka chilichonse.

Njira yakeyake

Thiramu yoyenda mu mzere umodzi ndi magalimoto imakodwa mu jamu yomweyo, ndipo imavutika kuposa minibasi chifukwa siingazembe. Galimoto imodzi ikafera pa njanji, onse a m'mbuyo aima. Ndiye ipatseni njira yake, yotchingidwa ndi kakhoma kakafupi, ndipo pa maloboti ikamayandikira aziyatsa obiriwira kwa iyo kaye. Apa padzakhala phokoso, chifukwa eni magalimoto adzati mwatilanda msewu. Ayankheni ndi manambala anu aja, kuti mzere uwu ukunyamula anthu angati pa ola ndipo wanuwo angati.

Koma musatchinge mopyola muyeso. Ku Addis Ababa anthu amadandaula kuti mipanda ya njanji inadula misewu pakati, munthu kuti awoloke kupita tsidya lina amayenda mtunda wautali kufuna polowera. Ikani powolokera pafupipafupi pomwe anthu amawolokera kale. Kuno muwonjezepo powolokera ng'ombe ndi ngolo, chifukwa ng'ombe za ku chigwa zimapita kukamwa ku Shire kaya pali njanji kaya palibe. A kabaza aphunzitsidwe kuti njanji ya mu msewu ili ndi kamphako komwe tayala la njinga limalowa, ndiye powoloka uziidula mopingasa, osayenda motsatana nayo. Ana asukulu auzidwe kuti thiramu imayenda mwakachetechete ndipo siima msanga ngati galimoto.

A kabaza, a maminibasi ndi oitanira

Awa ndi abale athu, ndi amene akutinyamula lero pomwe palibe thiramu. Mnyamata wa kabaza pa Nchalo akudyetsa mkazi, ana ndi amayi ake ndi njinga imodzi. Mukabwera ndi pulani yomwe ikumuchotsa pa msewu osamuuza kolowera, adzalimbana nayo ndipo adzakhala akulondola. Aitaneni pa tebulo poyamba pomwe, mabungwe a kabaza a pa siteji iliyonse, eni maminibasi kudzera ku bungwe lawo la MOAM, madalaivala ndi makondakitala omwe. Thiramu imangoyenda mzere umodzi, siingalowe ku Ndirande m'kati kapena kumidzi ya kwa Lundu, ndiye ntchito yotenga munthu pakhomo kumufikitsa pa siteji idzakhalapo yambiri kuposa kale. Pa siteji iliyonse jambulanipo malo a kabaza a mthunzi, malo oimikira maminibasi, ndi mabenchi a mavenda. Ntchito zatsopano, kuyendetsa, kugulitsa matikiti, ulonda, kukonza, oyamba kuphunzitsidwa akhale omwe ntchito yawo yakhudzidwa, ndipo zilembedwe papepala osati pakamwa pokha.

Mtengo wa tikiti usapose wa minibasi pa mtunda womwewo, apo ayi anthu sakwera. Kulipira kukhale kwa pafoni, Mpamba kapena Airtel Money, komanso kwa kashi kwa agogo opanda foni. Ndipo mayi wa dengu aloledwe kukwera ndi dengu lake, muikiretu malo a katundu.

Ndalama

Sitima yopepuka ya ku Addis Ababa ija, makilomita pafupifupi 34 ndi masiteshoni 39, inadya madola 475 miliyoni, zambiri ngongole ya ku China. Gawani muone, ndi pafupifupi madola 14 miliyoni pa kilomita imodzi. Ndipo kumanga ndi theka chabe la nkhani. Patangopita zaka zochepa masitima ambiri mwa 41 omwe anagula anaima chifukwa chosowa masipeya, poti sipeya iliyonse imafuna ndalama zakunja. Ife vuto la forex tikulidziwa, timaliona pa mizere ya mafuta. Ndiye mu kontirakiti mulembe kuti wogulitsa apereke masipeya a zaka zingapo, aphunzitse amakaniko athu mpaka atha kuphwasula ndi kumanga okha, ndipo musagule mtundu wachilendo womwe ulibe mzinda wina woyandikira womwe ukuugwiritsa ntchito. Mulembenso poyera kuti ndalama zoyendetsera chaka ndi chaka zizichokera kuti, chifukwa m'mizinda yambiri matikiti okha sakwanira, boma kapena khonsolo imathirapo.

Ife a ku Nsanje tili ndi doko lomwe linatsegulidwa ndi chisangalalo chachikulu mu Okutobala 2010, simenti yake ilipo mpaka lero koma sitima zapamadzi sizikubwera, chifukwa mgwirizano ndi anzathu a ku Mozambique pa zoyenda pa Zambezi unali usanathe. Zimandiwawa ndikadutsapo. N'chifukwa chake ndikuti mapepala onse athe kaye, kafukufuku wa zachilengedwe ndi za anthu yemwe a MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, amavomereza, mgwirizano wa magetsi, wa malo, wa yemwe adzayendetse, kenako fosholo ilowe pansi.

Ndipo palibe chokakamiza kuti tsiku loyamba pakhale njanji. Mukasunga mpata uja, yambani ndi njira ya njinga. Anthu akachuluka, thirani tala muikepo mabasi aakulu oyenda okha mu njira imeneyo pa nthawi yoikika, ngati gawo loyamba la ku Dar es Salaam lija la makilomita pafupifupi 21, lomwe mzere wake waukulu umachokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Pomanga njira ya mabasiyo, makona ndi milatho muzipange zoti thiramu idzakwanepo, mapaipi a madzi ndi mawaya a pansi muwasunthire kumbali kuti musadzakumbenso. Muziwerenga anthu chaka chilichonse, mwezi womwewo, malo omwewo. Tsiku lomwe mabasi azidzabwera motsatizana mphindi iliyonse koma anthu n'kumatsalabe pa siteji, pamenepo itanani a njanji.

Ine ndayamba ndi pang'ono pomwe ndingathe. Ndagula makope anayi a masamu, ndalankhula ndi tcheyamani wa kabaza pa siteji yathu ndipo wandilonjeza anyamata awiri, mphwanga ndi mnzake agwira mbali ya kumunsi. Tiwerenga Lachiwiri la pakati pa mwezi kaye, kenako tsiku la malipiro, ndipo zomwe tipeze ndikazipereka ku msonkhano wa ADC pamodzi ndi pempho loti tione pulani ya tauni yathu. Amene muli ku Bangula, ku Dyeratu kapena pa boma la Nsanje ndipo mukufuna kuwerenga kwanuko, gwiritsani mphindi 15 zomwezo ndi maola omwewo kuti manambala athu adzathe kufananizidwa.